Mbali Yomwe Lucious Anakwecha

Pakhomo pa Lucious Chiwaula ku South Bend, m'dziko la America, panalibe chitsulo chimene chinkaloledwa kukalamba mwamtendere. Mapoto ankawala ngati agulidwa dzulo, pasupuni munkatha kudzionera mano, ndipo ngakhale fosholo yochotsera chipale chofewa inkayamba yapukutidwa isanalowe m'galaja. Bamboyu ankagwira ntchito yotsuka zida za madokotala a opaleshoni pachipatala china m'tauni, ndipo ntchitoyo inamulowa m'magazi. Onjezani apo kuti anakulira ku Ndirande, m'manja mwa mayi amene ankati nsapato izibooka koma isapite pagulu yosapolisha. Kwa Lucious, chinthu chakuda chinali chinthu chimene mwini wake ndi waulesi, basi.

Mkazi wake Magdalene anali namwino. Atabwera kudzaphunzira ali mtsikana, anasungidwa ndi bambo Dixon, mkulu wa mpingo amene analibe mwana, ndipo mkuluyu anamutenga ngati mwana wobereka yekha. Ndi iwo amene anamuperekeza kuguwa tsiku la ukwati wake. Atamwalira, loya wawo anabweretsa bokosi lathabwa limene anasiyira Magdalene. M'katimo munali mfuti ya m'manja yakalekale, yopanda zipolopolo, yokutidwa m'nsalu yonunkha mafuta.

Mfutiyo inali ya atate awo a bambo Dixon, amene anali msilikali wa m'ndege pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kunkhondoko anabwerako amoyo, koma pakamwa anasiya komweko. Za zimene anaona sanauzepo munthu. Chimene ankachita n'kukhala pakhonde, mfuti ili pamiyendo, chala chachikulu chikusisita malo amodzimodzi kumbali ya kumanja. Anatero zaka ndi zaka mpaka mtundu wa chitsulocho unafufutika, pakutsala kamalo kotuwa kofanana ndi nthanga ya dzungu.

Atadwalika, bambo Dixon anagwira chala cha Magdalene n'kuchiika pakamaloko. "Zonse zimene bambo anga anandiuza za nkhondo zili apa," anatero. "Ndikadzapita udzaitengere kwa odziwa, akakuuze kuti ndi mfuti yanji, chifukwa ine sindinafufuzepo. Koma apapa udzapasunge."

Nkhani imeneyi Magdalene anali asanaifotokoze kwa mwamuna wake. Maliro akakhala aawisi, nkhani zina zimavuta kuzikamba. Iye anangokonza zoti Loweruka akaonane ndi mayi wina wodziwa za mfuti zakale ku Lawrence, kufupi ndi Indianapolis.

Lachisanu m'mawa, akuvala jekete, Magdalene anaona Lucious akuzungulirazungulira bokosilo.

"Bambo a Tusekele, chonde mfutiyo musaigwire. Mawa tingoinyamula mmene ililimo."

"Koma mwaiona bwinobwino? Yakuda bii, kwinaku ngati dzimbiri. Tikaonetse anthu chinthu chotere? Akatiyesa auve."

"Ndikufotokozerani ndikaweruka. Ndachedwa kushifiti."

Tsikulo Lucious sankapita kuntchito, ndipo munthu wa manja oyabwa tsiku lopuma limamutalikira. Anakolopa, anatsuka galimoto, anapolisha nsapato za ulendo wa mawa. Zonse zinali mbee, kupatula chinthu chimodzi, chimene ankapitira ulendowo. Foni inali m'thumba mwakemo. Kulemba mawu awiri okha kufunsa mkazi wake sikukanamuthyola chala. Koma afunsirenji za chitsulo, iye amene madokotala samuuza katsukidwe ka mipeni yawo?

Anayala nyuzipepala patebulo la kukhitchini, natenga sitiliwulu wokwechera mapoto ndi sopo wa ufa. Atatembenuza mfutiyo anaona kamalo kotuwa kaja, n'kupukusa mutu.

"Taonani, wina anayamba kuiklina n'kugwa ulesi," anadziuza yekha.

Anayambira pomwepo. Anakwecha akuimba mluzu nyimbo ya kukwaya, madzi akuda akuyenderera panyuzipepala. Mtundu wakudawo unali wokanika, koma Lucious anali wokanika kuposa. Pamene chitseko chinkatseguka masana, mbali yonse ya kumanja inali itayera ngati mpeni watsopano, iye akupukuta manja kuti ayambe mbali inayo.

Magdalene sanakuwe. Anaika chikwama pansi, natenga mfutiyo ndi manja awiri, chala chake chikufufuza pachitsulo choyeracho. Chinapita uku, chinabwerera uku. Kenako anaikuta m'nsalu yake, anaibwezera m'bokosi mbali yakuda ili pamwamba, n'kukalowa kuchipinda.

"Mukanandisiya ndimalize bwenzi ikuoneka bwino," Lucious anatero ali pakhomo la chipindacho. Mumtima mwake anati akazi nthawi zina amakulitsa nkhani.

M'mawa mwake anayenda ulendo wonse wa ku Indianapolis ngati anthu ongokumana m'basi. Minda ya chimanga inali isanadzalidwe, yangoti see mpaka kumene maso alekezera. Anadutsa tauni ya Kokomo osalankhulana. Bokosi linali lokhoma kumbuyo kwa galimoto.

Mayi wodziwa za mfutiyo dzina lake anali Melissa, mzimayi wa imvi amene ofesi yake inali pafupi ndi nyumba za njerwa zimene kale munkakhala asilikali. Anawalandira m'Chingerezi, navala magolovesi oyera, n'kutsegula bokosilo akucheza za nyengo. Mfuti zotere, anatero, zinapangidwa zambirimbiri nthawi ya nkhondo, ndipo amaziona sabata iliyonse. Anatenga galasi lokulitsa zinthu, nawerama kuti awerenge zilembo zing'onozing'ono za pachitsulocho.

Macheza anathera pomwepo. Anawerenganso kachiwiri. Anayang'ana nambala, natsegula kabati, nayerekeza ndi zithunzi. Kenako anakoka mpando n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Kodi makina osokera a Singer mumawadziwa?" anafunsa.

Lucious anaseka mosayembekezera. "Mayi, ine ndinaphunzira sukulu ndi makina amenewo. Bambo anga anali telala pakhonde la sitolo ku Limbe."

"Ndiye mfuti iyi ndi makina a bambo anu ndi ana a nyumba imodzi."

Anawafotokozera motsitsa mawu, ngati ali m'tchalitchi. Nkhondo itayandikira, boma linauza kampani ya makina osokerayo kuti iyese kupanga mfuti. Inapanga mazana asanu okha, kenako inapatsidwa ntchito zina za nkhondo. Zambiri mwa mfutizo zinapita kwa asilikali a m'ndege, ndipo zimene zikudziwika lero ndi zochepa. Anthu amene anazolowera kusula zitsulo zoyendetsa singano anazipanga mosamala kwambiri, moti akatswiri mpaka pano amazitchula ndi ulemu.

"Ndakalambira pa ntchito imeneyi," anatero mayi Melissa, "koma n'koyamba kuti imodzi ilowe pakhomo langa. Ndipo taonani mtundu wake! Uwu ndi womwe inatuluka nawo kufakitale."

Anapendeketsa nyali. Chimene Lucious ankachitcha kuda chinasanduka chobiriwira mozama, ngati nthenga za khwangwala padzuwa. Lucious anaona zilembo zosongoka bwino, mizere yowongoka, ntchito ya manja a anthu amene anafa kalekale. Chitsulo chimenechi chinakwera mumlengalenga mizinga ikuphulika, chinawoloka nyanja, chinapirira zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo chinali mbale wake wa makina amene anamugulira yunifolomu ya sukulu. Anachita mantha, mantha aja amene munthu amachita akazindikira kuti wakhala akuseka ndi munthu wamkulu osamudziwa.

"Mtunduwo si litsiro?" anafunsa ndi mawu ang'ono.

"Litsiro? Ndi khungu lake limenelo. Anthu osunga zinthu zakale amagula ukalamba womwewo. Mfuti yotere ikakhala yosakhudzidwa, mtengo wake umagula nyumba."

Atatero anaitembenuza.

Chitsulo choyera chija chinawala pansi pa nyali, mikwingwirima ya sitiliwulu ili mbwee. Mayi Melissa anatseka maso kanthawi. Sanakalipe, ndipo kusakalipako n'kumene kunapweteka.

"Zachitika liti?"

"Dzulo," anayankha Lucious. "Ndine. Ndimafuna ifike kuno yooneka bwino."

Mayiyo ananena mosabisa kuti mfutiyo inali yeniyeni ndithu, ndipo ogula sangasowe, koma gawo lalikulu la mtengo wake linali litapita ndi madzi a sopo.

"Za mtengo zisiyeni, sindinabwere kudzagulitsa," anatero Magdalene. Aka kanali koyamba kulankhula chichokereni kunyumba. Analoza pachitsulo choyeracho. "Apa panali chala cha munthu."

Ndipo anafotokoza zonse: za msilikali wosalankhula uja, za khonde, za bambo Dixon akugwira dzanja lake pabedi la kuchipatala. Pomaliza anafunsa funso limene anagona nalo.

"Kodi pali njira yoti pabwerere?"

"Mtundu titha kupaka wina, ukuda ndithu," anayankha mayi Melissa. "Koma chala, mwana wanga, ayi. Mwini chalacho ndiye akanatha."

M'maso mwa Lucious munabwera makina a bambo ake, amene mpaka lero ali pabalaza kwa mayi ake ku Ndirande. Pagudumu lake pali malo pamene utoto wakuda unatha, pamene chikhatho cha bambo ake chinkamenya poyambitsa makinawo. Bambowo atamwalira, mkulu wake anabwera ndi kachitini ka penti kuti awakongoletse, ndipo ndi Lucious yemweyu amene anamulanda burashi, mpaka anatsala pang'ono kugwirana malaya pamaso pa anamfedwa. Akapita kumudzi, asanakhale n'komwe pansi, amayamba waika chikhatho chake pamenepo. Chinthu chimenechi ankachidziwa bwino lomwe. Anangolephera kuchizindikira chitabwera ndi nkhope ina.

Mayi Melissa anawalangiza kuti asapakenso kanthu, aisunge mmene ilili, mbali imodzi yakale, ina yoyera. Anaikuta okha m'nsalu, n'kupereka bokosilo kwa Magdalene ndi manja awiri.

Kunja mphepo inali yozizira. Lucious anatsegula galimoto, koma sanalize injini. Anayang'ana manja ake, manja aukhondo amene ankawanyadira, sopo wa dzulo akuonekabe m'zikhadabo.

"Mayi a Tusekele, pepani. Ndakulandani bambo anu kachiwiri." Anatembenukira kwa mkazi wake. "Koma bwanji simunandiuze kuti pali chala cha munthu?"

Magdalene anali atafungatira bokosilo pamiyendo, chala chake chachikulu chikusisita thabwa la pamwamba. Anatembenuka n'kumuyang'ana, misozi ili chuchuchu, koma mawu ake osagwedera.

"Ndinati ndikufotokozerani ndikaweruka. Inu munandifunsa?"

Mpaka lero mfutiyo ili m'kabati yokhoma kunyumba kwawo, chitsulo chokhacho m'nyumba monse chimene Lucious sachikhudza. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.