Diso Limodzi la Ndaziona

Makolo a anthu a ku Mdontho sanali a kuno. Akuluakulu amene ndinawafunsa amati anachokera kuzambwe, kutsidya la mitsinje itatu, akuthawa nkhondo ya anthu ogwira akapolo. Anali mbumba imodzi ya a Mwale, ndipo mwini mbumba anali Gwirize. Pakati pawo panali mkamwini wina, Chapendeka wa kwa Mbewe, amene anakwatira Nangondo, mlongo wake wa Gwirize, nabereka naye mwana wamkazi dzina lake Ndaziona.

Paulendowo anabisalapo kawiri m'mapanga, ndipo kawiri konse kulira kwa makanda kunawaulula, anthu nagwidwa. Atafika kuphanga la phiri lino, adani ali pambuyo mtunda wa tsiku limodzi, sing'anga wawo Nachisale anakumba muzu wina pakhomo pa phangalo, nautentha, nanena kuti mwana akatemedwa mphini ziwiri m'munsi mwa maso n'kupakidwa phulusalo, sadzaliranso, iyeyo ndi ana ake ndi zidzukulu zake. Koma mankhwalawo ankagwira pokhapokha bambo wake womubereka atamugwira mutu.

Ana asanu ndi mmodzi anatemedwa m'mawa mwake, nakhala chete ngati maungu. Anatsala Ndaziona, wa miyezi inayi, amene kulira kwake kunkamveka kutsidya la dambo. Chapendeka anamunyamula, koma anaima naye pomwepo osapita kwa sing'angayo.

“Nanga akamva njala tidzadziwa bwanji?” anafunsa motero. “Nyerere ikamuluma kumsana?”

“Alamu, pano munabwera ndi khasu lokha,” anatero Gwirize. “Mwanayu ndi wathu. Mukufuna tonse tikagulitsidwe chifukwa cha nyerere?”

Chapendeka anayang'ana mkazi wake. Nangondo anati, “Mugwireni, a Mbewe. Bola akhale wosalira koma ndizimuona.”

Mawuwo anali oona. Komabe Chapendeka anakumbukira kuti tsiku lobadwa mwanayo azamba sanalulute mpaka atalira, chifukwa kulirako ndiko kunawauza kuti kwabwera munthu. Ngati munthu amadziwika ndi kulira, amene akuchotsedwa kulira atsala chiyani? Koma nanga wogwidwa ukapolo atsala chiyani? Anagwada, namugwira mutu, mtima uli pawiri.

Nachisale anatema mphini yakumanzere napaka phulusa. Pamene ankati ateme yakumanja, mwanayo anagwira chala cha bambo wake, ndipo Chapendeka anamukokera pachifuwa. Mpaka imfa yake sanadziwe ngati anachita dala kapena manja anangochita okha. Gwirize anatukula dzanja kuti amenye Chapendeka, koma anaona kuti mwanayo wayasamula kukamwa popanda mawu: diso lakumanzere linali louma, lakumanja likutsika misozi. Masana omwewo adani anadutsa m'munsi mwa phiri osamva kanthu, ndipo mbumba yonse inapulumuka.

Anamanga mudzi pomwepo. Ana asanu ndi mmodzi aja anakula amphamvu, olima ndi oseka ngati anzawo, koma mmodzi anapsa mwendo ali wakhanda amake ali pafupi osadziwa. Atakula, amayi awo akamwalira ankangoima pabwalo akuyang'ana uku ndi uku, akudzisisita pachifuwa ngati munthu wotsamwa. Anthu anasokonezeka. Ena ankati ana otere ndi odala, ena ankati mizimu sidzawazindikira. Anawo akafunsidwa ankati, “Chimatipweteka, koma chilibe potulukira.” Ana awonso anabadwa chimodzimodzi, ndipo azamba ankasowa nthawi yolulutira.

Choncho maliro onse a m'mudzimo anagwera Ndaziona. Ankamuitana kuti akhale kumutu kwa malemu, diso limodzi lija lizilirira onse, ndipo analira amake, analira Nachisale, analiranso Gwirize. Pochokera kumanda a Gwirize anapeza bambo wake, atakalamba, akusema mpini.

“Atate, munandisiyira diso limeneli chifukwa chondikonda, kapena munangochita mantha?”

“Sindikudziwa, mwanawe.”

“Anzanga aja amandichitira nsanje. Inenso ndimawachitira nsanje. Wolakwiridwa ndani?”

Chapendeka anaika mpini pansi. Anangotambasula dzanja namupukuta tsaya lakumanja, monga ankachitira ali kamwana.

Ndaziona anabereka Mwatitha, amene anabadwa akulira, Mwatitha anabereka Nsanamira, ndipo kwa Nsanamira kunachokera mabanja amene ali m'munsi mwa phiri lero. Mtundu wa osalira aja unatha pang'onopang'ono, pakuti akumidzi ina ankaopa kukwatirana nawo. Akuluakulu sagwirizana mpaka pano: ena amati Chapendeka anaika anthu onse pangozi, ena amati ndiye anatisungira umunthu. Muzu uja palibe akuudziwanso. Koma denga la phangalo limadontha madzi amchere ngakhale m'mwezi wa Okutobala, mitsinje itaphwa, ndipo amati ndi misozi ya ana asanu ndi mmodzi aja. Kumudziko mwana akabadwa n'kulira, bambo wake amayamba wayang'ana diso limene latsogola kugwetsa msozi.