Galimoto Yozimira pa Chitunda

Kwathu kuno ku Värmland, dera la kumalire ndi Norway, chisanu chikatha m'mwezi wa Meyi, amuna amatsegula mashedi n'kutulutsa magalimoto akale amene amagona m'menemo theka la chaka. Sixten Brolin naye anatulutsa yake yobiriwira, imene bambo ake anagula iye akadali kamnyamata. Inali chuma chokhacho chimene malemuwo anamusiyira, ndipo kunena zoona ankaisamala kuposa mawondo ake, amene nawonso anali atayamba kulira.

Chaka chimenecho galimoto inadzuka ndi nthenda yachilendo. Pabwalo injini inkalira bwinobwino. Pamsewu wathyathyathya inkayenda ngati ilibe mlandu. Koma ikafika pachitunda cha kutchalitchi, Sixten n'kuponda mafuta, inkayamba kubanika, kulavula utsi wakuda, kenako zii! Akaisiya pang'ono n'kuliza, inkadzuka ngati sipanachitike kanthu. Kodi ndi nthenda yanji yodziwa kusankha malo? Funso limeneli linatisowetsa mtendere tonse, pakuti kuno nkhani n'zosowa.

Pafupi ndi mlatho pali galaja ya Alvar, makaniko amene anaphunzira kalasi imodzi ndi Sixten. Alvar ali ndi chizolowezi chimene chimatopetsa anthu: tsiku loyamba sagwira sipanala. Amakwera galimoto, amamvetsera, amanunkhiza, kenako n'kukamwa khofi.

"Isiye pano masiku atatu, mpaka Lachisanu," anatero Alvar atamva dandaulo la mnzakeyo. "Ndiyende nayo, ndiimvetsere."

"Uimvetsere? Yasanduka wailesi?" Sixten anafunsa. "Iwe ndikulipire chifukwa chokwera galimoto yanga? Ndi mapulagi awa, ngakhale mwana angadziwe."

"Ngati mwana akudziwa, wabwera kudzatani kwa nkhalamba?"

"Ndimayesa ndipeza makaniko. Ndapeza m'busa wofuna kumva machimo a injini."

"Pita bwino, achimwene," Alvar anayankha akupukuta m'manja. "Dazi lakolo likuwala kunja kokha, m'katimo muli mdima."

Sixten anachoka atafufuma, n'kukagula mapulagi. Anawaika, anakwera chitunda, galimoto inazima pafupi ndi bokosi la makalata. Anati ndiye kuti ndi pampu ya petulo. Anaitanitsa pampu kutauni, anaiika, galimoto inazima pabokosi lomwelo. Anasintha sefa ya mpweya, mawaya, ngakhale batire imene inalibe chifukwa chilichonse. Pomaliza anayenda ulendo wa tsiku lathunthu kukagula kabuleta kwa munthu wina wa kumalire a Norway. Munthu anali wakhama ameneyu, tisamunamizire. Chimene sankatha n'kukhala pansi mphindi khumi manja ali m'thumba.

Ife tinkaonera pawindo la sitolo ya buledi, makapu a khofi ali m'manja. Ena ankati m'thanki muli madzi, ena ankati injini yatha basi, iponyedwe. Mayi wina woimba kwaya anati galimotoyo yatengera mwini wake, siifuna kufika kutchalitchi.

Mkazi wa Sixten, Majvor, anapirira milungu isanu. Tsiku lina m'mawa anaika mbale ya phala patebulo n'kukhala moyang'anizana ndi mwamuna wake.

"Abambo, ndalama zija tinasungira denga zatsala zingati?"

"Zilipo."

"Zilipo m'boneti. Makrona zikwi khumi ndi zinayi mwameza inu ndi chigalimoto chanucho, mvula ikundidonthera pamapazi. Bwanji osangom'patsa Alvar masiku atatu amene anapemphawo?"

"Kabuleta iyi ndiye yomaliza, mayi. Muona."

Anaonadi. Masana omwewo galimoto inazima pakati pa chitunda, kumbuyo kwake kutandandalika thirakitala ndi magalimoto anayi. Sixten anatuluka ali gwaa, nkhope itafiira, n'kumenya tayala ndi phazi. Mwatsoka lake, Alvar anatulukira pomwepo ndi lole yake yokokera magalimoto owonongeka.

"Itenge!" Sixten anakuwa. "Ndipatse zikwi zitatu, ndisaionenso m'maso mwanga!"

"Kagone kaye, iwe. Tikambirana mawa."

"Ndati lero!"

"Sixten, iyi ndi galimoto ya bambo ako. Ukunenetsa?"

"Ukakana ndiitanitsa ophwanya zitsulo, aifinye ndikuona."

Alvar anafunsanso kachitatu, anthu akumva. Dzuwa lisanapendeke mapepala anali atasainidwa, ndipo Majvor sanachedwe: ndalamazo anakapereka kwa wokhoma denga.

Tsopano mverani mmene Alvar anachitira. Tsiku loyamba anakwera chitunda kasanu n'kumangoyang'ana utsi. Utsi wakuda umatanthauza kuti petulo akufika wokwanira, koma mpweya ndiwo ukuperewera. Nanga ukuperewera bwanji sefa ili yatsopano? Tsiku lachiwiri anatsitsa mawindo onse, n'kutchera khutu. Anamva kuti injini isanabanike, kutsogolo kumamveka kaphokoso kakang'ono kakuti fwo, ngati munthu watseka botolo ndi chikhatho. Anapita kukamwa khofi akulingalira za kaphokosoko. Tsiku lachitatu anamasula chipaipi chimene chimakoka mpweya kuchokera kunja kupita kusefa, anapinda waya ngati mbedza, n'kupisa m'katimo.

Madzulo ake anagogoda kukhitchini kwa Sixten, n'kuika patebulo chinthu chakuda bii, chonunkha mafuta.

"Nayo nthenda yako," anatero.

Majvor anachinyamula ndi zala ziwiri, anachitembenuza, n'kuyang'anitsitsa chidendene chake. "Iyi ndinaluka ine," anatero pang'onopang'ono. "Inzake ili m'dirowa kuyambira Okutobala. Ndimayesa makina ochapira anaidya."

Inali sokosi yaubweya. Pajatu kuno aliyense akamagoneka galimoto m'shedi amatseka mabowo ndi nsanza kapena masokosi akale kuti mbewa zisamangemo zisa. Sixten anatseka ku ekisozi ndi kuchipaipi cha mpweya chija. Podzutsa galimoto anakumbukira ya ku ekisozi yokha. Inayo injini inaikokera m'kati mpaka pokhota paipi. Poyenda pang'onopang'ono mpweya unkadutsa m'mbali mwake. Koma pachitunda, injini ikakoka mwamphamvu, sokosi inkatseka njira yonse. Injini ikazima, sokosi inkagwera pansi n'kudikira ulendo wina.

Sixten anaiyang'anitsitsa sokosiyo. Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti posintha sefa, dzanja lake linafika pafupi ndi sokosiyo kutalika kwa supuni.

"Ndibwezere, Alvar," anatero. "Ndikupatsa zako zitatuzo, n'kuwonjezerapo za ntchito."

"Muzitenga kuti?" Majvor anafunsa, osakweza mawu. "Zili padenga."

Alvar anamwa khofi wake mpaka pansi. "Ndinakufunsa katatu, achimwene, anthu akumva. Galimoto imeneyi ndakhala ndikuisirira kuyambira tili ndi makabudula, bambo ako akutithamangitsa kuti tisaigwire. Sindinakulande, ndipo sindiigulitsa kwa munthu, ngakhale kwa iwe. Ukafuna kukwera, mpando wa pambali ulipo."

Ndimamumvera chisoni Sixten, ngakhale ndinali mmodzi wa omuseka. Masiku ano akafuna kupita kutauni amaima pamsewu kudikira basi, imene kuno imadutsa kawiri patsiku. Nthawi zina galimoto yobiriwira ija imatulukira, injini ikuimba ndi zipangizo zatsopano zonse zimene iye anagula. Alvar amachepetsa liwiro n'kutsegula chitseko. Sixten amapukusa mutu n'kuyang'ana kumbali, koma ikangodutsa amaitsatira ndi maso mpaka itazimiririka, misozi ili lengelenge.

Anakana kudikira masiku atatu, n'kutaya cholowa cha bambo ake chifukwa cha sokosi yake yomwe. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.