Mwatitha ndi Khola la Chimphona

Makolo ankaletsa kupita kuseri kwa phiri la Nsakambewa. Koma chaka cha chilala, mnyamata wina, Chatonda, anakafuna msipu komweko, ndipo sanabwerenso. Aliyense anadziwa kuti wagwidwa ndi chimphona cha mitu itatu, chimene chinkasandutsa anthu nkhanga.

Mlongo wake wamng'ono, Mwatitha, anthu sankamuwerengera. Iye sanatsanzike munthu, anangonyamuka m'mamawa.

Panjira anapeza bilimankhwe atazingidwa ndi moto wolusa. Anamunyamula n'kumuika pamtengo wauwisi. Bilimankhweyo anamupatsa timiyala toyera ndi takuda.

"Chimphona chikakufunsa chimene sukudziwa, ika mwala m'malo mwake," anatero. "Ndipo umvetsere mitu yonse. Anzako amene anapitako kale ankangomvera umodzi."

Dzuwa lili paliwombo, Mwatitha anafika pa khola lamiyala lopanda kabowo. Chimphona chinali chitakhala pakhomo, chikutokosa m'mano ndi nthiti ya njati.

"Ndabwera kudzatenga achimwene anga," anatero Mwatitha.

Mutu woyamba unaseka. "M'kholamu muli nkhanga ndi mbuzi. Mitu yake ndi khumi."

Wachiwiri unati, "Miyendo ndi makumi awiri ndi inayi. Tiuze, nkhanga ndi zingati? Ukalondola, zonse ndi zako."

"Ukaphonya, ndiwe wanga," unatero wachitatu, ukunyambita.

Mwatitha anagwada n'kusalaza mchenga. Mwala woyera unaimira nkhanga zonse, wakuda mbuzi zonse. Pamzere woyamba anaika woyera ndi wakuda, nalemba khumi. Pamzere wachiwiri anaika oyera awiri ndi akuda anayi, monga miyendo imakhalira, nalemba makumi awiri ndi anayi.

Anayang'ana, nayang'ananso. Kenaka anawirikiza mzere woyamba: oyera awiri, akuda awiri, makumi awiri. Atachotsa mzerewu pa wachiwiri uja, miyala yoyera inatha psiti. Panatsala yakuda iwiri yoimira zinayi, ndiye kuti umodzi unaimira ziwiri.

"Mbuzi ndi ziwiri," anatero modekha. "Ndiye kuti nkhanga ndi zisanu ndi zitatu."

Mitu ya chimphona inayang'anizana.

"Ndiwe waulula," mutu woyamba unakalipira wachiwiri.

"Ine ndangonena za miyendo. Za mitu wanena ndani?"

Wachitatu, poona kuti chakudya chapita, unaluma onse awiri. Mitu inalumana, inang'ambana, fumbi koboo, mpaka chimphona chinagwa n'kugumula khoma la khola.

Nkhanga zinatuluka zikuyoyola nthenga. Miyendo inatalika, mapiko anakhala manja, ndipo panaima anthu asanu ndi atatu. Chatonda anali womaliza, akupukusabe khosi ngati mbalame.

"Mwaonda, achimwene," anatero Mwatitha.

"Mapira okhaokha miyezi iwiri, mlongo wanga," anayankha, n'kumunyamula paphewa.

Kumudzi ng'oma zinalira masiku atatu. Mabanja a opulumukawo anagwirizana kuti mbuzi ziwirizo zikhale za Mwatitha. Pofika dzinja zonse zinali zitaswa, ndipo wokazidyetsa anali Chatonda, mosadandaula.