Tsekwe ndi Nsomba Yogona Pansi pa Nthaka

M'dambo lina la kuchigwa, kumene dzuwa limawotcha mchenga mpaka nyerere kusowa popondera, munali thamanda lalikulu lodzaza ndi maluwa a kakombo. Pathamandapo pankakhala Tsekwe, mbalame ya mtima wachifundo koma yosamva zonena anzake, ndi Dowe, nsomba yaitali ngati mkunga, ya zipsepse zowonda ngati ulusi, yomwe sinkachulukitsa mawu. Awiriwa ankagwirizana pa zonse kupatula nkhani imodzi: chochita madzi akayamba kuphwa.

Tsekwe anali mlendo m'dambomo. Anafika ndi mvula ya chaka chomwecho, ndipo anali asanaonepo thamandalo litauma. Mwamvu, nyengo yopanda mvula, utafika, iye anaona kuti pamene ankasambira kale tsopano akuyendapo ndi miyendo.

"A Dowe, madzi akutha," anatero Tsekwe. "Tiyeni kumtsinje nthawi ikadalipo."

"Pitani bwino, mlongo wanga. Ine kwathu ndi konkuno."

"Konkuno kuti? Posachedwa pano padzangokhala fumbi lokhalokha!"

"Ndikudziwa," anatero Dowe. Anatulutsa kamwa pamwamba pa madzi, n'kumeza mpweya monga ankachitira nthawi zonse, kenako n'kumira.

Madzi anapitiriza kuchepa. Milamba inatuluka m'mamawa n'kukwawa pa udzu wamame kukafuna madziwe ena, mbalame zinanyamuka magulumagulu, ndipo tinsomba tosowa kothawira tinasanduka phwando la akakowa. Tsekwe sanathe kupirira. Anamugwira Dowe ndi mlomo kuti auluke naye, koma thupi la nsombayo linali loterera ngati therere, ndipo inangopulumuka n'kugwera m'matope, phwa!

"Mukufuna kufa dala?" analira Tsekwe.

"Ndikufuna kugona," anayankha Dowe, uku akuboola matope ndi mutu.

Tsekwe anauluka misozi ili m'maso. Kumtsinje kunali madzi ozizira ndi msipu wobiriwira, koma maganizo ake onse anali pa Dowe. Chilimwe chitafika pachimake anaganiza kuti mnzake anafa kalekale, ndipo anabwerera kuti akakwirire ngakhale mafupa ake okha, afisi asawamwaze.

Thamanda lija sanalizindikire. Nthaka inali itang'ambika ming'alu yoti mwendo n'kulowamo, kakombo yense atapserera, minga za nsomba zili mbuu ponseponse. Tsekwe anazitembenuza imodziimodzi, koma za Dowe panalibe. Pamalo pamene anasiyana anangopezapo kabowo kakang'ono ngati kamwa ya bango.

Anaika khutu pakabowopo. Kwa nthawi yaitali kunali zii, mpaka iye anafuna kuchoka. Kenako anamva kampweya kofooka kakutuluka pansi pa nthaka, fuuu, ndipo nthenga zake zonse zinaima.

"Ali moyo! Nthaka yawatsekera!" anakuwa Tsekwe. Anayamba kukumba ndi mlomo ndi zikhadabo, osasamala kuti mlomowo ukuchucha magazi. Atafika pakuya anagunda kathumba kofiirira, kouma ngati khungwa la nthochi, ndipo anakang'amba mbali imodzi.

M'kathumbamo munali Dowe atadzipinda, mchira utaphimba nkhope, khungu lake lili lonyowa ndi lonyezimira ngati wangotuluka kumene m'madzi. Kunja mwala unali wosagwirika ndi kutentha, koma m'menemo munali chinyezi cha mvula ya dzinja lapitalo. Diso limodzi linatseguka pang'onopang'ono.

"Ndani wagumula nyumba yanga?" Mawuwo ankamveka ngati akuchokera kutali.

"Ndine Tsekwe. Ndabwera kudzakupulumutsani."

"Mlongo wanga, mwandipha."

Tsekwe anabwerera m'mbuyo. Dowe analankhula modukizaduka, chifukwa mawu alionse ankamudyera mphamvu. Ananena kuti kuterera kuja kwa thupi lake n'kumene kumauma n'kusanduka kathumba kosunga chinyezi, kuti kabowo kaja ndi kopumira popeza iye ali ndi mapapo ngati nyama zapamtunda, ndiponso kuti akagona chomwecho mtima umagunda mwa apo ndi apo, thupi n'kumadya mnofu wake womwe pang'onopang'ono kufikira mvula.

"Makolo anga onse ankagona motere," anatero. "Koma taonani kumchiraku."

Tsekwe anayang'ana. Pamene anang'amba paja, khungu linali litayamba kale kuchita makwinya ndi mphepo yotentha. Manyazi ndi mantha zinamugwira nthawi imodzi, ndipo anatambasula mapiko kuti atchinge dzuwa.

"Ndithamange ndikatunge madzi?"

"Madzi ayi. Thupi langa lingayese kuti mvula yabwera, n'kudzukiratu nthawi isanakwane. Bweretsani matope okha, mumate. Kabowo kaja musakatseke."

Aka kanali koyamba kuti Tsekwe achite zimene wauzidwa osawonjezerapo nzeru zake. Anauluka kupita kumtsinje, n'kubwera ndi matope kukamwa, n'kupitanso, n'kubweranso, mpaka mapiko analemera ngati mitolo ya nkhuni. Anamata pong'ambikapo, anabwezera dothi lonse, n'kusiya kabowo kaja kali poyera. Ataikapo khutu anadikira nthawi yaitali kuposa poyamba paja, ndipo kampweya kaja kanabweranso, kofooka kwambiri.

Kuyambira tsikulo ankabwera kawirikawiri kudzamvetsera. Masiku ena ankamva, masiku ena ayi, ndipo pa masiku oterowo ankabwerera kumtsinje khosi lili pansi. Koma sanakumbenso.

Tsiku lina masana mitambo inadetsa kum'mawa, mphepo inanunkhira dothi lonyowa, ndipo mvula inakhuthuka. Tsekwe anaima pakati pa dambo akuvumbwa, akuona ming'alu ikumwa madzi n'kutsekeka yokha. Mvula inagwa tsiku limenelo ndi lotsatira, mpaka madzi anamufika m'mawondo.

Pamenepo nthaka imene iye ankaiyesa manda inayamba kutulutsa amoyo. Achule anafukuka m'dothi, matope ali kumutu, n'kuyamba kuimba ngati sanasiyepo. Patangopita masiku ochepa, tinsomba tating'ono ngati mpunga tinayamba kuthwanima m'madzi, toswedwa kuchokera m'mazira amene anagona m'fumbi chilimwe chonse. Kakombo yemwe anapserera uja anatumiza masamba atsopano kuchokera ku mizu yake yobisika pansi, ndipo masambawo anakwera mpaka kudzayala pamwamba pa madzi.

Tsekwe anangoti kukamwa yasa. Chilimwe chonse ankayenda pamwamba pa mudzi wathunthu wogona, iye osadziwa. Aliyense m'mudzi wapansiwo anali ndi njira yake yodikirira mvula, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anafunikira mapiko.

Pafupi ndi mapazi ake panatuluka thovu, kenako matope anagwedezeka. Dowe anasolomoka pang'onopang'ono, wowonda ngati chingwe, n'kutulutsa kamwa pamwamba pa madzi kumeza mpweya. Nsonga ya mchira wake inali itafota, ndipo m'mbali mwake munali chipsera choyera.

"Mwadzuka bwanji, a Dowe?" anafunsa Tsekwe.

"Ndadzuka, kaya inu, mlongo wanga? Koma njala!"

"Mchirawo ndine ndinachititsa. Mundikhululukire."

"Mchira uphukanso, ngakhale sukhala wowongoka ngati kale," anatero Dowe. "Koma tandiuzani. Matope aja munkawatenga kuti, dziko lonse litauma?"

"Kumtsinje, kuseri kwa mapiri aang'ono aja."

Dowe anayang'ana mapiko a mnzakeyo. Iye anali asanaonepo mtsinje kapena phiri, ndipo kwa iye dziko linkathera pamene pathera thamanda. "Ndiye kuti inu mumakwera m'mwamba mopanda pogwira, n'kukapeza madzi kumene maso safika?" anafunsa. "Ine ndimayesa zodabwitsa zili pansi pa nthaka pokha."

Mchira wa Dowe unaphukadi, koma unakhala wokhota moyo wake wonse, ndipo sankathanso kusambira mwaliwiro ngati kale. Madzi atayambanso kuphwa chaka chotsatira, panalibe mkangano. Tsekwe anaima pambali n'kuonerera mnzake akulowa m'matope mpaka nsonga yokhota ija itabisika.

"Gonani bwino, a Dowe."

"Ulukani bwino, mlongo wanga."

Ndipo pochoka, Tsekwe anayenda monyang'ama mpaka kumphepete kwa dambo asanatambasule mapiko, kuopa kudzutsa ogona.

Phunziro: Cholengedwa chilichonse chinapatsidwa njira yokhalira ndi moyo pamalo pake, ndipo njira imene imapulumutsa iwe ikhoza kupha mnzako. Usanathandize munthu, yamba wamufunsa ndi kumvetsa mmene iye amakhalira, chifukwa chifundo chosamva chimasiya zipsera.