Tsiku Lomwe a Mwandama Anagwira Mpira

Anzanga, imvani izi ndisanaphulike nazo! Kochi wa timu ya sukulu yathu, a Nyirongo, aja anasewerapo matimu ambirimbiri mpaka ku Tete, ntchito yawo yapulumuka.

A Mwandama, eni chigayo, amene anatigulira yunifolomu, analamula kuti mwana wawo Mphatso, woopa mpira ngati njuchi, akhale womwetsa zigoli pa masewero a Loweruka, apo ayi kochi achoke.

A Nyirongo anavula chipewa. "Bwana, kulikonse komwe ndinasewera, womwetsa zigoli amayamba wagoletsa goloboyi wotchuka. Kuno wotchuka ndinu nokha."

Paja a Mwandamawo amadzitama kuti pa unyamata wawo palibe anawagoletsapo. Analowa pagolo ndi jekete yomwe, sukulu yonse ikuimba dzina lawo.

Mphatso anagunda mpira ndi chala chakuphazi. Mpirawo unakwawa ngati nanzikambe. Bambo ake ausiye ulowe, amayi onse ogulitsa mandasi akuona? A Mwandama anadziponya, fumbi koboo, n'kudzuka ataukweza m'mwamba, akuvina.

"Manja akadalipo, bwana," anatero a Nyirongo. "Ndiye kuti Mphatso akhala pa benchi."

Gule wa a Mwandama anathera pomwepo, kukamwa kuli yasa. Mphatso anathamanga n'kuwakumbatira. "Zikomo, adadi."