Kwanu Mvula Imayamba Liti?

Panali munthu wina wa ku Ulaya, mphunzitsi wopuma ntchito. Dzina lake limandipota lilime, tiyeni tingomutchula kuti mkulu uja. Anali munthu wabwino, ndipo ichi muchisunge, chifukwa ena ndikukuonani mwayamba kale kumuweruza nkhani musanaimve.

Mkuluyu ndi anzake a m'mayiko osiyanasiyana anayambitsa bungwe lodzala mitengo. Onse anali ongodzipereka, opanda malipiro. Komiti yawo inkakumana pa foni mwezi ndi mwezi, ndipo inali ndi zigawo zinayi: Ulaya, Asiya, Amereka, ndi kuno ku Afirika. Lamulo lawo linkati mpando uzizungulira, chigawo chilichonse zaka zitatu. Woyamba kukhalapo anali mkulu uja.

Ntchito ankaidziwa, musachite kufunsa. Msonkhano unkayamba pa nthawi yake n'kutha pa nthawi yake. Ndiye anaika tsiku limodzi loti mayiko onse azidzala mitengo pamodzi, tsiku la mu Epulo. Kwawoko Epulo ndi pamene chisanu chimatha, nthaka n'kufewa. Kwathu kuno Epulo mukumudziwa, mvula imakhala ikutsanzika.

Woimira chigawo chathu anali mayi wina wa kumapiri a Neno, dzina lake Nachisale. Kumtunda kwa mudzi wawo kunali phiri limene owotcha makala analimeta mpala. Madzi otsika m'phirimo anakumba chigwembe, ndipo chaka ndi chaka chigwembecho chinkayandikira sukulu. Njere ndi machubu ofeseramo mbande zinkafika kuchokera ku komiti mu Januwale. Amayi a m'mudzimo ankafesa, kuthirira, kukumba maenje, ndipo mu Epulo ankadzala n'kujambulitsa chithunzi akumwetulira. Kenako ankakwera phiri ndi ndowa pamutu mpaka makosi kuwawa. Pofika Ogasiti mbande zonse zinali zitauma gwa.

Chaka choyamba zinatero. Chachiwiri zinatero. Chachitatu chigwembe chinameza chimbudzi cha sukulu.

Mufunsa kuti nanga bwanji mayiyu sananene? Ha! Inu mumanena? Mndandanda wa zokambirana ankalemba ndi wapampando, ndipo funso lake linali lakuti mwadzala mitengo ingati, osati yapulumuka ingati. Mpata wa kudandaula unkabwera kumapeto, pa zina ndi zina. Nachisale ankachita msonkhanowo ataima pachulu, poti ndi pokhapo pamene netiweki inkagwira, ndipo pofika pa zina ndi zinazo foni inali itathima kale. Komanso anali mwana wa kwathu. Munthu wakutumizira njere zaulere, ungamuuze bwanji pamaso pa anthu kuti mwalakwitsa? Ankangoti, “Zikomo, a wapampando,” mtima ukumupweteka.

Amayi anzake anatopa. Mmodzi anamuuza mosapsatira kuti, “Nachisale, ife mitu yatha ndi ndowa. Mukadzatiitananso mu Epulo, phirilo mudzakwere nokha.”

Chaka chomwecho mpando unafika pa chigawo chathu. Nachisale anachita mantha. Chingerezi chake chinali cha Sitandade 8, kunyumba kwake kunalibe magetsi. Analembera mkulu uja kuti, “Bambo, pitirizani ndinu. Ine sindingathe.” Ena a m'komiti anavomereza msangamsanga, ati chikuyenda bwino tichisinthirenji.

Tsono apa mumumvere chisoni mkuluyu. Mkazi wake anali atamwalira, ana anali kutali, ndipo mpandowo ndiwo unkamudzutsa m'mawa. Ankaukonda. Anthu onse anali kumupempha kuti akhalebe, ndipo palibe akanamunena. Anakhala nayo nkhaniyo masiku atatu, kenako anayankha.

Anati, “Lamuloli ndinalilemba ndi dzanja langa pamene mpando unkabwera kwa ine. Sindingalifufute lero poti ukuchoka. Khalanipo, mayi. Ine ndikhala mlembi wanu.”

Tsiku la msonkhano Nachisale anakwera pachulu paja. Mawu otsegulira amene analoweza anamuthawa onse. Anangofunsa funso limene mlimi aliyense amafunsa mlendo wochokera kutali.

“Tisanayambe, aliyense atiuze. Kwanu mvula imayamba liti?”

Bambo wina wa kumwera kwa Amereka anati kwawo imayamba mu Novembala, ndipo anawonjezera motsitsa mawu kuti mitengo yawonso yakhala ikuuma zaka zitatu. Mayi wa ku Asiya anati kwawo imayamba mu Juni, ndipo Epulo ndiye mwezi umene dzuwa limaswa mtengo. Nayenso zake zinkauma. Pa zigawo zinayi, tsiku lija linkathandiza chimodzi chokha. Aliyense ankaganiza kuti wolephera ndi iye yekha, n'kumatumiza chithunzi chomwetulira.

Mkulu uja anati, “Zaka zitatu! Bwanji simunandiuze?”

Nachisale anati, “Simunatifunse, bambo. Koma nafenso tinalakwa, tinachita manyazi.”

Mkuluyo sanadziikire kumbuyo. Anatenga cholembera n'kulemba chigamulo choyamba cha wapampando watsopano, chakuti chigawo chilichonse chizidzala ndi mvula yake. Chaka chimenecho machubu anafika ku Neno mu Sepitembala. Amayi anadzala sabata ya Khirisimasi, mvula ikuwanyowetsa, ndipo palibe anasenza ndowa kupita kuphiri. Sindikunamizani kuti chigwembe chinatsekeka chaka chimodzi, ayi. Koma Ogasiti atafika mbande zinali zobiriwira, zofika m'mawondo, ndipo sukulu ija ana akuphunziramobe.

Ndiye abale anga, fanizoli ndakuphikirani inu amene mwakhala m'bungwe lathu lino la mipingo isanu ndi umodzi. Inu a m'tauni, mpando uli kwanu chaka chachisanu ndi chiwiri tsopano. Sindikuti ndinu oipa. Mabuku mumasunga bwino, Chingerezi mumachithyola, galimoto muli nazo. Koma misonkhano mumaiika Loweruka la pakati pa dzinja, mtsinje utadzaza moti anzanu a kumidzi ya kutsidya sangawoloke, kenako mumalemba kuti sanabwere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wokhala pampando amafunsa za kumene iye kukumupweteka, ndipo zinazo saziona ngakhale akhale wanzeru chotani.

Inunso a kumidzi musagwedeze mitu ngati ndikukuikirani kumbuyo. Nthawi yanu inakwana kawiri konse, kawiri konse munati, “Pitirizani, abwana.” Kumeneko mukuti kudzichepetsa? Pobwerera kwanu mumakang'ung'udza njira yonse, ndimakumvani.

Lero tikusankha, ndipo lamulo likuti mpando uwoloke mtsinje. A m'tauni, nyamukani mwaulemu ngati mkulu uja, mutenge cholembera. A kutsidya, khalanipo ngakhale muli ndi mantha. Pali mbande zathu zimene zakhala zikuuma zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo amene akudziwa phiri lake ndi inu nokha.