Chala cha Ndaziona

Padangokhala mudzi wina, osati kuseri kwa phiri ayi, koma m'thupi mwa mayi Nabiyeni, ogulitsa tomato pamsika. M'mudzimo munali asilikali a m'thupi, ndi nyumba yokhoma yosungiramo mabuku a makolo ophunzitsa kusula mikondo. Mlonda wake sankatsegula buku popanda kalata yodinda. Wodindayo anali Ndaziona, kamtsikana koonda.

Asilikali ankamuseka. "Kungoti dii papepala, nayonso ntchito?" Tsiku lina mchimwene wake Kamwendo, mkulu wa asilikali, anamulanda chidindo n'kumakaswera mtedza pabwalo. Chipongwe chanji chimenechi, chinthu choletsedwa kutuluka panja!

Pompo chinatulukira Chimtenthetsa, chilombo cha mitu isanu ndi iwiri. Chinameza mtedza, chidindo, ndi Kamwendo yemwe. Kunjaku mayi Nabiyeni anagwa pabenchi, thupi lili moto.

Asilikali anathamangira kwa mlonda. "Bambo, tsegulani, tikutha!"

"Kalata yodinda ili kuti?" anatero mlonda, osatekeseka.

Madoda athunthu anakhala pansi, manja lende. Ndaziona magazi anawira. "Mano munali nawo, bwanji simunaswere mtedzawo ndi amenewo?" Anawasiya ali kukamwa yasa, n'kutsikira kumtsinje wofiira. Wopalasa bwato anamuwolotsa, namupatsa mikanda itatu. "Wachitatuwo ukauphwanya umatuluka inki, mwanawe."

Ndaziona anachipeza chilombo chikugeya mtedza. Mitu yonse inaseka pamodzi. "Tikuphera mwambi, ukalephera ulondola mchimwene wako. Chidindo chosagula, chosabedwa, n'chiyani?"

Ndaziona anayang'ana manja ake. Anakumbukira amayi osadziwa kulemba momwe amasainira. "Chala!" anakuwa, ali kale paliwiro. Chilombo chopusa, chinali chitaulula chokha njira yochigonjetsera.

Pakhomo pa mlonda anaphwanya mkanda wachitatu uja, napaka chala chachikulu, n'kuti dii pakalata. Chitseko chinatseguka, buku linavundukuka, osula anawerenga mokweza, mikondo n'kumatuluka ngati ngumbi. Asilikali anakalasa nayo chilombo: mutu woyamba pansi, wachiwiri pansi, mpaka wotsiriza. Kamwendo anatuluka m'mimbamo ali nyankha ndi makoko a mtedza.

Koma asilikali, nkhondo itawakomera, anayamba kubaya ndi nyumba za abale awo zomwe. Ndaziona anafufuta ndi malovu chidindo cha chala chija pakalatapo, buku linatsekeka, mikondo inaleka kutuluka, mudzi unakhala bata.

Kamwendo anagwada pamaso pa onse. "Achemwali, tinakulakwirani." Anamunyamula pamapewa kuzungulira bwalo katatu, nthungululu zili wee.

Kunjaku mayi Nabiyeni anatsegula maso napempha madzi. Namwino anawagwira pachipumi. "Mayi, thokozani asilikali a m'thupi mwanu, agwira ntchito."

Asilikali! Aja oswera mtedza aja! Ine mpaka lero zimandipsetsa mtima. Ndaziona anamva ali m'katimo, anangoti, "Asiyeni," n'kupukuta chala chake pachitenje.